Mkamwini Amene Ankasunga Ubale wa Eni Mudzi

Chimene sindinachimvetse pa a Yonasi Gwetsani mpaka lero n'chakuti zonse zimene ankadziwa zija ankazisunga pati. Kuwerenga ankatha, ndipo Baibulo lawo linali lakuda m'mphepete chifukwa cha zala, koma za ubale wa anthu sanalembepo ngakhale mzere umodzi. Chaka china ndinawapititsira kope latsopano, poti ife kumishoni anatiphunzitsa kuti chosalembedwa chimapita ndi mwini wake. Analandira ndi manja awiri, nathokoza. Patatha sabata ndinapeza mapepala a kope lija akukulungira misomali. Kutama munthu sindinakuzolowere, choncho ndingofotokoza zimene anachita.

A Yonasi ankakhoma ndowa ndi zitini zothirira kudimba pamsika wa Nsaru, kuseri kwa anthu ogulitsa matayala a ngolo. Anali aafupi, a mapewa otakata. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi phokoso la nyundo, motero pomvetsera ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba. Munthu akabwera ndi ndowa yodontha, iwo ankaiyang'ana kudzuwa kuti aone pobooka, kenaka n'kufunsa kuti mayi ake ndani. Za bambo ankafunsa pambuyo. Akamva dzina la mayi ankapitiriza kukhoma, ndipo ndowa ikamatha anali atamuuza munthuyo mudzi umene agogo ake anachokera, amene anapita chitengwa ku Kabudula, amene anatsalira ku Nambuma, ndi chifukwa chake iye ndi wogulitsa tomato wa patsidya apo sayenera kumangodutsana osapatsana moni.

Anthu ena ankati n'chidwi chabe cha munthu wokonda za eni. Koma pakagwa maliro, uthenga usanapite kutali, wina ankapalasa njinga kukawatenga, chifukwa ndiwo ankadziwa woyenera kumva poyamba, woyenera kukhala m'nyumba ya siwa, ndi amene ubale wake uli patali moti angathe kugwira khasu kumanda. Mnyamata akapeza mbeta m'midzi yoyandikana, amalume ake ankayamba adutsa kaye pa a Yonasi ndi chitini chosadontha n'komwe, kuti amve ngati njirayo ili yoyera.

Mawu amene sankawafuna ndi akuti ankolo, anti ndi kazeni. Mphunzitsi wina wamkazi atawauza kuti ankolo ake amwalira, a Yonasi anaika nyundo pansi n'kufunsa kuti ankolo ake ati: alongo awo a mayi, amene amakwatitsa ndi kuweruza za mbumba, kapena ang'ono awo a bambo, amene ndi bambo ndithu? Mayi uja anati zonsezo n'chimodzimodzi. Iwo anati ayi, wina akamwalira mwataya mwini wanu, wina akamwalira mwataya bambo, ndipo kulira kwake n'kosiyana. Za kazeni ankati ndi thumba loponyamo mbewu ndi mankhusu omwe. Mwana wa amalume ndi msuweni, ungamuseke, ungamulande chipewa, ndipo makolo akale ankalola kuti ukwatirane naye. Koma mwana wa mng'ono wawo wa amayi ako ndi m'bale wako weniweni, ngakhale utakumana naye koyamba uli ndi imvi.

Komatu munthu wodziwa zonsezi sanali mwini mudzi. Anafika kwa Kanyerere m'chaka cha 1977 ngati mkamwini, atakwatira a Esinati. Anali mwana wa matenanti amene ankasamuka esiteti ndi esiteti kulima fodya, ndipo nkhoswe yake paukwatipo inali yobwereka, mkulu wa mpingo amene anamwalira kalekale. A Esinati anawaberekera ana aakazi awiri. Wamkulu, Thokozani, ndiye anakhazikika pamudzi. A Esinati atamwalira mu 2016, mwambo unafuna kuti akameta kachiwiri, eni mbumba awasudzule a Yonasi, ndiko kuwamasula kuti abwerere kwawo. Koma mwini mbumba, a Rodgers, anangoti zimenezo tidzaona. Zaka zinadutsa osaona. A Yonasi anapitiriza kugona m'nyumba imene anamanga, kulima kachigawo ka dimba la akazi awo, koma ankadziwa bwino kuti akukhalira mawu a munthu mmodzi, ndipo mawuwo akhoza kusintha tsiku lililonse.

A Rodgers anali alamu awo, ngakhale sanabadwe mimba imodzi ndi a Esinati. Pamudzipo mbumba yonse inachokera kwa mayi mmodzi, a Nachisale, amene anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu, a Nambewe, ndiye anabereka a Esinati. Limeneli linali bele lalikulu. Wamng'ono, a Nankhoma, ndiye anabereka a Rodgers ndi mlongo wawo. Limeneli linali bele laling'ono. Popeza kubele lalikulu kunalibe mwamuna wamkulu, a Rodgers ndiwo ankayang'anira onse. Ndipo ankayang'anira bwino. Anakwatitsa Thokozani, anaika a Esinati m'manda, ndipo mwana akadwala usiku kapena usana ngolo yawo ndiyo inkapita kuchipatala.

Panali chinthu chimodzi chimene a Yonasi ankachidziwa chokhudza mabele awiriwa, chimene sanauzepo munthu. Anachimva kwa apongozi awo, a Nambewe, chaka chimene anayamba kudwaladwala. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, choncho tsikulo a Yonasi anakhala kuseri kwa nkhokwe akukonza ndowa ya mayiwo, iwo ali mbali inayo atafulatira. Poyamba ankakamba za mvula. Kenaka a Nambewe anati popeza ndinu nokha mumafunsafunsa za akale, imvani ichi. Chaka cha njala ya 1949, iwo ali kamtsikana, panafika mayi wina wachilendo ndi khanda kumsana, akupempha gaga. Anagona masiku atatu m'khitchini n'kumwalira, atangonena kuti bambo wa mwanayo ndi Nkhoma. A Nachisale anali atangotaya khanda lawo mwezi womwewo, mkaka usanaume, ndiye anatenga mwana uja n'kumuika kubele. Akuluakulu anagwirizana kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Chimene sanafune kumulanda mwanayo ndi mfunda wa bambo ake, poopa mizimu ya eni ake. Ndiye anakula akutchedwa Nankhoma.

A Yonasi anasunga zimenezi zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo akanapita nazo kumanda pakanapanda Tionge.

Tionge anali mdzukulu wawo, mwana wa Thokozani, ndipo ankagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ina ku Namitete. Kumeneko anadziwana ndi Chrispin, mmisiri wa matabwa, amene ankati kwawo ndi ku Kamwendo ku Mchinji, poti ndiko iye anabadwira, mayi ake atapita chitengwa kumeneko. Anakhala pa chibwenzi zaka ziwiri, aliyense akudziwika ndi dzina la bambo ake. Itakwana nthawi yoti akaonekere kwa makolo, mayi a Chrispin anamutuma kwa amalume ake ku Nsaru kuti akawapemphe kukhala nkhoswe. Amalumewo anali a Rodgers. Anamulandira mokondwa, namufunsa kuti mbetayo ndi ya kuti, mwana wa yani. Chrispin atatchula, a Rodgers anamulozera nyumba ya malata ya Thokozani imene inali kuseri kwa khola lawo lomwe, n'kumufunsa kuti pachinkhoswepo iwo adzakhale mbali iti ya mkeka, popeza mtsikanayo nkhoswe yake ndi iwo omwe.

Mudzi wonse unaseka sabata yathunthu. Mayi a Chrispin ndi a Esinati anali ana a akazi awiri apachibale, ndiye kuti munthu ndi mng'ono wake. Chrispin ndi Thokozani, munthu ndi mlongo wake. Tionge anafuna kukwatiwa ndi amalume ake. A Rodgers anagamula kuti nkhaniyo yafera pomwepo, ndipo palibe amene anaona chowatsutsira.

Tsiku la msika Tionge anafika kuseri kwa ogulitsa matayala kuja, maso ali otupa. A Yonasi anamulonjera monga ankachitira chibadwire chake, mwa nthabwala ya agogo ndi mdzukulu.

"Akazi anga, mwabwera kudzapepesa? Ndamva kuti mumafuna kundithawa."

"Inu amuna anga mwakalamba, ndowa zokhazokha," anatero Tionge, koma kuseka kunamukanika. Anakhala pa chitini chovundikira. "Agogo, tawerenganinso. Mwina penapake analakwitsa."

"A Rodgers awerenga bwino."

"Sindikufunsa a Rodgers. Anthu a ku Kabudula mumawapezera njira, eti? Nanga ine?"

A Yonasi anatenga ndowa n'kuiyang'ana kudzuwa nthawi yaitali, ngakhale anali ataimata kale. Kenaka anamuuza kuti abwerere kuntchito, asakachite chilichonse chopusa, ndipo adikire Loweruka lotsatira.

Masiku amenewo anthu apamsika anaona kuti nyundo ya a Yonasi ikulira modukizadukiza. Iwo ankadziwa mtengo wake wa mawu amene anali nawo. Akanena, Tionge akwatiwa, koma a Rodgers, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, amva pagulu kuti mayi awo anali mwana wotola. Ndipo amene wanenayo ndi mkamwini wosasudzulidwa. Anaganizanso zongokhala chete, poti atsikana amalira n'kuiwala. Koma moyo wawo wonse anali akuuza anthu kuti uyu ndi m'bale wako, uyu si m'bale wako, ndipo anthu ankathetsa maukwati kapena kumanga maukwati pa mawu awo. Kunama kamodzi kokha, chifukwa choti bodzalo likuwasungira denga, anaona kuti sangathe.

Sanafune kuwadzidzimutsa alamu awo pagulu. Lachinayi m'mawa anawatsatira kudimba, kumene ankathirira kabichi, nawafotokozera zonse monga anazimvera kuseri kwa nkhokwe. A Rodgers anamvetsera chitini chili m'manja, madzi akudonthera pa phazi. Atatha anafunsa ngati pali wina wamoyo amene anamvapo zimenezi. A Yonasi anati sakudziwa. Anapempha kuti a Rodgers akanene okha kwa mbumba, mwa mawu awoawo, kuti ulemu ukhale wawo.

"Alamu," anatero a Rodgers, "mwadya nafe zaka zonsezi kuti lero mudzandiuze amene anabereka mayi anga?"

"Amene anawalera ndi amene mukuwadziwa. Ine ndikunena za magazi okha, chifukwa ana aja aletsedwa pa dzina la magazi."

"Mkamwini asamakule mwendo. Mukukumbukira kuti mwambo wa achemwali aja sitinaumalize?"

A Yonasi anati akukumbukira.

Loweruka mbumba inasonkhana pansi pa mango kwa Thokozani. Panali mayi a Chrispin, amene anabwera kuchokera ku Mchinji, ndi akulu a mpingo awiri, poti ukwatiwo unayenera kudalitsidwa kutchalitchi. A Rodgers ananena mwachidule kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo anawo angopepesana n'kusiyana. Atafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, a Yonasi, amene anakhala chapatali monga akhalira akamwini, anawomba m'manja kupempha mpata.

Sanayambe ndi nkhani ya njala. Anafunsa anthuwo kuti a Nachisale anakwatiwa kangati. Onse anati kamodzi, ndi a Mbewe, mpaka imfa. Anafunsa kuti mwana wawo wamkulu akapatsa munthu madzi, ankamuthokoza kuti chiyani. Anati zikomo Nambewe, potsata mfunda wa bambo ake. Nanga wamng'ono? Apa anthu anayamba kuyang'anana. Zaka zonsezo anali akunena kuti zikomo Nankhoma, tsiku ndi tsiku, pamtondo ndi pachitsime, osadzifunsa kuti mwana wa a Mbewe angakhale bwanji Nankhoma. Pamenepo m'pamene a Yonasi anafotokoza za mayi wopempha gaga uja, mosawonjezera, maso ali pansi.

A Rodgers anati zimenezo ndi nthano za munthu wogontha. Koma mlongo wawo, mayi a Chrispin, anayamba kulira mwakachetechete. Anati mayi awo ali pafupi kumwalira anawauza kawiri konse kuti mchombo wawo sunagwere pamudzi pano, ndipo iwo ankayesa kuti ndi kubwebweta kwa matenda.

A Rodgers sanagonje msanga, ndipo mfundo yawo inali yomveka. Anati ngakhale zili choncho, mayi awo anayamwa bele la a Nachisale, ndipo ife timawerenga ubale ndi bele. A Yonasi anavomera kuti zimenezo n'zoona. Anati iwo sakuchotsa munthu pa mbumba. Amene anakwatitsa ana a pano ndi kuika akufa a pano ndi malume wa pano, ndipo wonena zina akhala akunama. Koma ukwati wa pachibale timauletsa poopa kusakaniza magazi amodzi, ndipo apa magazi ndi awiri. Pamene bele ndi magazi zasiyana njira, iwo alibe mphamvu yogamula. Anangonena zimene akudziwa, ogamula ndi eni mbumba.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Amayi ambiri anali mbali ya ana aja, akulu a mpingo anati iwo saona choletsa, ndipo potsiriza a Rodgers anati chitani zimene mwafuna. Koma munthu mmodzi sangakhale nkhoswe ya mbali ziwiri. Anagwirizana kuti a Rodgers aimire Chrispin, ndipo Tionge aimiridwe ndi mlongo wake wamkulu, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu amene anali asanayankhulepo pabwalo. Kuyambira tsiku limenelo anthu a bele lalikulu anayamba kupita ndi nkhani zawo kwa mnyamatayo. Palibe anawatuma. Zinangochitika, monga madzi apezera okha potsika.

Ukwati unachitika mu Ogasiti, anthu atakolola. A Rodgers anavala jekete lawo lakuda, nachita zonse za nkhoswe mosaphonya kanthu, ndipo anavina pang'ono popereka mphatso. A Yonasi anapatsa Tionge ndowa ziwiri ndi beseni, n'kumuuza pamaso pa mwamuna wake kuti akatopa ndi mmisiri wa matabwa, wa malata akadalipo.

Patatha milungu itatu a Rodgers anatumiza uthenga kuti mwambo wa malemu a Esinati wachedwa kwambiri, ndipo si bwino kumusunga munthu womangika zaka zonsezi ngati alibe kwawo. Anayankhula mwaulemu, ndipo panalibe mawu amodzi amene munthu akanawatola n'kunena kuti apa alakwa. Anawathokoza a Yonasi chifukwa chosamala mkazi wawo mpaka imfa, nawauza kuti tsopano ndi omasuka.

Thokozani anakana. Anati bambo ake sapita kulikonse, nyumba ndi yake, dimba ndi la mayi ake, ndipo ngati a Rodgers akufuna kusamutsa obwera ayambe adziwerenga okha. Mawu amenewa ndi amene anawakwiyitsa a Yonasi, ndipo anthu akuti sanawaonepo atakwiya chotero. Anamuitanira kuseri kwa nyumba n'kumuuza kuti asadzayerekezenso kunena zimenezo. A Rodgers ndi amalume ake, anamukwatitsa, ananyamula mayi ake pa ngolo. Iwo sanaulule nkhani ija kuti mudzi ung'ambike pakati, ndipo akakhala, anthu azisonkhana kumbuyo kwawo ngati mbendera yolimbana ndi a Rodgers. Mwambo ndi woona, anatero, ndipo wachedwadi. Thokozani anawafunsa kuti nanga apita kuti, poti kwawoko sanapiteko chikwatirire. Iwo anati munthu wokhoma ndowa sasowa kumene kukudontha.

Anakhala masiku anayi akumaliza ntchito za anthu zimene zinali pamsika, n'kubweza chilichonse kwa mwini wake. Lachisanu m'mawa anamanga nyundo, lumo lodulira malata ndi kachitsulo kokhomerapo pa kaliyala wa njinga, pamwamba pake bulangeti ndi Baibulo. Anayenda khomo ndi khomo kutsazika, aliyense akumutchula ndi dzina la ubale wake. Kwa a Rodgers anafika pomaliza. Anagwada pang'ono pakhonde, nati alamu, tsalani bwino, muyang'anire ana. A Rodgers anatuluka, nawaperekeza mpaka pa mlatho wa matabwa, akukankha njinga ija ndi manja awo. Zimene anakambirana panjirapo palibe anazimva.

Anthu ankayesa kuti alowera ku Nambuma, poti nthawi ina anatchulapo kuti mayi awo anaikidwa chakumeneko. Chrispin anapitako mwezi wotsatira, nafunsa pamsika ndi kumipingo, koma palibe anaona mkulu wokhoma ndowa. Wina anati anawaona ku Kabudula akumwa tiyi, wina anati pa Mpingu akukweza njinga pa lole yopita ku Kasiya. Woyendetsa kabaza amene anakumana nawo tsiku limene anachoka lija kupitirira pa Nsaru akuti anawafunsa kumene akupita. Iwo anapendeketsa mutu, namufunsa kuti mayi ake ndani, ndipo atamva anamuuza kuti akapereke moni kwa azakhali ake a ku Chiwamba, amene iye anali asanawaonepo. Kenaka anakwera njinga n'kukhotera kumsewu wafumbi wolowera kumpoto.